Mphete Imene Ndinapatsa Wakuba

Kwathu kuno ku Winnipeg, chipale chofewa chikayamba kusungunuka mu Epulo, mzinda umalavula zonse zimene unameza chiyambire Novembala. Makiyi, magalasi a maso, mafoni ofa kalekale, magolovesi a dzanja limodzi, zonse zimangoti mbwee m'mphepete mwa misewu. Nyengo imeneyi ndi imene ine, Kendra Wiebe, ndimayenda modzimva. Ndine mmodzi mwa oyang'anira atatu a gulu la pa intaneti la zotayika ndi zotoledwa m'dera lathu, ndipo mwa atatufe wolusa ndine.

Lamulo lalikulu la gululo ndinalikhazikitsa ndekha. Wotola chinthu asaonetse zonse pachithunzi, abiseko chizindikiro chimodzi, ndipo wonena kuti chinthucho n'chake atchule chizindikirocho. Akalephera, ndimajambula uthenga wake n'kuuika poyera kuti anthu amudziwe, kenako ndimamupitikitsa m'gulu. Ndisaname, zimenezi ndinkazinyadira.

Marlon Ocampo ndinadziwana naye kudzera m'gulu lomwelo. Chaka chatha anatola chikwama changa m'basi, n'kubwera nacho mpaka pakhomo panga. Ine m'malo mothokoza ndinayamba kuchisanthula, mwini wake ali chilili pomwepo. Iye anangoseka n'kunena kuti, “Fufuzani bwinobwino, mayi wapolisi, ine sindikuthamangira.” Mpaka lero amanditchula choncho. M'gulumo anatulukamo sabata yomweyo, akuti chimene ankafuna kutola anatola kale. Ndimamukonda mwamuna ameneyu moti nthawi zina zimandiopsa.

Chopinga chinali mayi ake. Iwo mtima wawo unali pa Maricel, namwino woimba kwaya kutchalitchi kwawo, mwana wa kwawo komweko ku Philippines, wodziwa kuphika chilichonse chimene Marlon anakulira. Ine anali asanandionepo n'komwe. Marlon akati abwere nane, iwo ankati sabata yamawa, sabata yamawa. Kenako tsiku lina anangoti, “Ubwere naye Lamlungu, adzadye nafe.”

*

Milungu iwiri Lamlungulo lisanafike, bambo wina wachikulire akuyenda ndi galu wake anatola mphete pamalo okwerera basi a mumsewu wa Keewatin. Inali yagolide wachikasu kwambiri, ya kamwala kofiira. Anabwera nayo kwa ine poti za mafonizi zimamuzunguza mutu. Nditasuzumira mkati ndinaona timanambala titatu: 750. Ndinati eya, chizindikiro ndi chimenechi, mwina ndi chinsinsi cha anthu awiri okondana. Ndinaijambula chakunja kokha, n'kulemba kuti, “Mwini wake atiuze zimene zalembedwa mkati.”

Anayankha anthu khumi ndi anayi. Ambiri anali ongoyesa mwayi, wina akuti mwalembedwa “ndimakukonda,” wina akuti dzina la mkazi wake. Amene ananditenga maso anali awiri.

Woyamba ankadzitcha P. Valdez. Akaunti yake inali yotsegulidwa dzulo lake, yopanda mnzake ndi mmodzi yemwe, ndipo m'malo mwa nkhope panali duwa lofiirira lili mumphika pawindo. Uthenga wake unalibe mpumiro, zilembo zina zili pandekha:

“chonde mayi mpheteyo ndi yanga mkati simunalembedwe kanthu chonde ndithandizeni”

Wachiwiri anali Brent. Pachithunzi anali ndi ana awiri ovala za masewero, onse akumwetulira. Analemba mwaulemu zedi: “Moni. Ndikudziwa kuti akathyali amakuvutitsani, choncho mundifunse mafunso onse amene mukufuna, sindikwiya. Mpheteyo ndi ya malemu agogo anga. Mkati muli 750.”

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Tinakumana masana pamalo omwera khofi, misozi inamulengeza m'maso, anandikumbatira, n'kumapita ndi mphete m'thumba. Funso lina lililonse sindinamufunse.

P. Valdez anapitiriza kutumiza mauthenga, koma sindinawatsegule. Ndinajambula woyamba uja n'kuuika poyera. Zolemba za ife atatu zimatuluka m'dzina limodzi loti “Oyang'anira,” ndiye munthu umalemba momasuka. Ndinalemba kuti: “Nayi mbava ya sabata ino. Ngakhale kunama kwenikweniko sikutha. Agogo a duwa, kabeni kwina.” Anthu anafa nalo phwete. Ndemanga zinadutsa mazana atatu, ena akutsanzira kalembedwe kake kopanda mpumiro kaja. Madzulo ake ndinamupitikitsa m'gulu, ndipo tsiku limenelo ndinadya bwino kwambiri.

*

Lachisanu masana Marlon ananditengera kukamwa khofi kuti akandiphunzitse moni wa kwawo.

“Utenge dzanja lawo lamanja, uwerame pang'ono, uligunditse pachipumi pako,” anatero akundionetsa ndi dzanja langa. “Osalipsompsona. Osaligwedeza ngati mukugulitsana galimoto. Ndipo uziwaitana kuti Tita, ndiko kuti azakhali. Wowaitana kuti Nanay, kutanthauza amayi, ndi ine ndekha, iwe sunafikepo.”

“Nanga ndikalakwitsa?”

“Akudyera mpunga.”

Ndinamumenya paphewa. Powerama paja, tcheni chake cha m'khosi chinakola pa sikafu, ndipo ndinadzuka kuti ndimumasule. Pakachitsulo kokolekera, pafupi ndi chala changa, panali timanambala titatu.

“Iwe, ichi n'chiyani?”

“Chiti?”

“Palembedwa 750.”

“Aa, chimenecho ndi chidindo cha osula, mayi wapolisi. Chimasonyeza kuti golideyo ndi weniweni, si wa pamsika. Malemu bambo anga anagwira ntchito ku Saudi zaka khumi, chilichonse chimene anabwera nacho chili ndi nambala imeneyi. Upite kutchalitchi kwathu ukawakutumule azakhali onse aja, uona 750 akungoyoyoka.”

Ndinasiya tcheni chija. “Ndiye kuti munthu wodziwa golide akhoza kungolota nambalayo osaiona?”

“Akangoona chikasu chakecho basi, ngakhale pachithunzi. Bwanji?”

“Palibe.”

Ndinakhala pansi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lambiri, n'kunyambita ndi zala zomwe.

“Marlon,” ndinatero patapita kanthawi, “munthu akakunamiza iwe utamukhulupirira, wolakwa ndani?”

“Wonamayo.”

“Nanga ukakana munthu amene akunena zoona?”

“Pamenepo ndiye wolakwa ndiwe. Ine bola andipusitse kakhumi kusiyana n'kumutcha wakuba munthu wosalakwa kamodzi. Chobedwa umagula china. Nanga ulemu wa munthu ukaugula kuti?” Anandiyang'ana bwinobwino. “Watani kodi? Ukuopa Nanay? Usawaope, amangooneka ouma. Masiku ano okha sindikuwamvetsa, sakudya bwino, akungokhala duu pawindo. Mwina akukumbuka bambo.”

Ndinati mutu ukundipweteka. Limeneli linali bodza langa loyamba kwa iye.

*

Nditalowa m'galimoto yanga sindinaiyatse. Ndinafufuza Brent, akaunti yake kulibe. Ndinaimba nambala imene anandipatsa, inangoti kulibe nambala yotere. Ana aja, misozi ija, agogo aja, zonse zinali zobwereka.

Kenako ndinatsegula mauthenga a P. Valdez amene ndinawasiya osawerenga. Analipo asanu.

“kumbuyo kwake inadulidwapo nkulumikizidwa mwamuna wanga anakaikulitsa nditabereka mwana wachiwiri”

Ndinakumbuka. Chala changa chinamva kamzere kolumikizira kameneko tsiku lija, koma maso anga anali pa manambala.

“anaigula ku Riyadh mu 1987 iye anamwalira chaka chathachi”

“ndinavula golovesi kuti nditulutse tikiti ya basi inapulumuka chipale chinali chambiri ndinakumba ndi manja osaipeza”

“ana anga sakudziwa chonde musawauze”

Womaliza anautumiza ataona zimene ndinalemba poyera zija. Umenewu wokha unali ndi mipumiro.

“Ndaona. Sindine wakuba. Mulungu akudalitseni mayi.”

Ndinalira ndekha m'galimotomo, anthu akudutsa ndi ngolo zawo zogulira zinthu. Zolemba zanga zija ndinazichotsa, ndinamubwezera m'gulu, ndinalemba kupepesa kutalikutali. Sanatsegule. Koma china chinali kundikanda mumtima. Riyadh, likulu la Saudi. Mwamuna womwalira chaka chatha. Mayi wosadya bwino. Ndinadziuza kuti mumzinda muno muli mabanja ambirimbiri amene bambo anakagwira ntchito ku Saudi, ndiponso Valdez si Ocampo. Ndinadziuza choncho Loweruka lonse, mtima osamva.

*

Lamlungu chitseko anatsegula ndi Maricel, atavala epuloni ngati mwini nyumba.

“Ndiwe Kendra eti? Wotchuka uja!” Anandiyang'ana kuyambira tsitsi mpaka nsapato. “Vulira pomwepo, muno sitilowa nazo. Ine ndili m'gulu lanu lija, ndimakutsatirani kwambiri. Muli ndi mphatso inu, kudziwa wakuba pongoona chithunzi. Ife kuchipatala mpaka tiyeze magazi.”

“Maricel, tamusiya mlendo apume,” anatero Marlon akuseka. Iye mbola ya mawuwo sanaimve.

M'chipinda chochezera munadzaza azakhali, onse akulankhula nthawi imodzi. Mayi Ocampo anali pampando wa pakona, mayi wamfupi wa imvi zomangidwa kumbuyo. Ndinayandikira, ndinatenga dzanja lawo lamanja, n'kuligunditsa pachipumi monga ndinaphunzirira. Azakhali anaombera m'manja. Ndili chiweramire choncho, maso anga anagwera pa dzanja lawo lamanzere limene linali pabondo. Pachala cha mphete panali kamzere kotuwa, kolowa mkati, malo a chinthu chimene chinakhalapo zaka zambiri. Nditadzutsa mutu, kumbuyo kwawo pawindo panali mphika wa duwa lofiirira.

“Wamuphunzitsa bwino,” Mayi Ocampo anauza Marlon. Kenako anatembenukira kwa ine. “Khala apa, mwanawe. Waonda, kwanu sakudyetsa?”

Anandipakulira okha, mpunga, nkhuku ya adobo, timitanda ta lumpia mulu. Ndikanakonda akanandilalatira. Munthu amene wamulakwira akamakuwonjezera ndiwo, chakudya chimakhala ngati mchenga. Azakhali anandifunsa ngati ndimapemphera, ngati ndimadziwa kuphika mpunga osapsereza, ngati ndikufuna ana angati. Ndinayankha zimene sindikuzikumbuka. Mbali inayo ya tebulo Maricel ankadya pang'onopang'ono, foni ili pafupi ndi mbale yake, akumwetulira ngati munthu amene wasunga kanthu.

*

Titatha kudya ndinapempha kutsuka mbale. Mayi Ocampo anati alendo satsuka, koma ndinaumirira, ndipo tinalowa kukhitchini awiriwiri. Iwo ankatsuka, ine ndikupukuta.

“Tita,” ndinatero, “Valdez ndi dzina la kwanu musanakwatiwe?”

Mbale inaima m'manja mwawo.

“Wakuuza ndani?”

“Palibe. Ndaona duwa lija.”

Anatseka mpope, n'kuyang'ana kuchitseko. “Usamuuze Marlon. Chonde. Iye amakutama tsiku ndi tsiku kuti umabwezera anthu zinthu zawo, n'chifukwa chake ndinalowa m'gulu lanulo. Ndinachita manyazi kukupempha iweyo maso ndi maso. Koma anzako amene umagwira nawo aja, mwanawe, mmodzi ali ndi pakamwa poipa.”

Khomo lothawira linali limenelo, atanditsegulira okha. Ndikanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pomwepo.

“Si anzanga, Tita. Ndinalemba ndine.”

Sanakuwe. Anatenga kansalu m'manja mwanga, n'kupukuta zala zawo chimodzichimodzi.

“Agogo a duwa,” anatero motsitsa.

“Pepani. Ndinalakwa kwambiri. Mkati munali 750, ine ndinkayesa kuti ndi mawu achinsinsi. Inu mutati simunalembedwe kanthu, ndinati mukunama.”

“Chimenecho ndi chidindo. Mwamuna wanga sanalembetsemo kanthu, ankati zolemba zimafufutika.” Anapumira m'mwamba. “Ndemanga zija ndinawerenga zonse. Wina anati ndikagwire ntchito m'malo mopemphetsa. Ine ndakolopa m'zipatala za mzinda uno zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mphete ili kuti?”

“Ndinapatsa munthu wina. Wasowa.”

“Anali wa nkhope yabwino?”

“Inde.”

“Wolemba bwino, mipumiro yonse ili m'malo mwake.”

“Inde, Tita.”

Anagwedeza mutu. Ndinayamba kulonjeza kuti ndipita kupolisi, ndiyenda m'masitolo onse ogula golide, ndilemba poyera dzina langa kuti wolakwa ndine. Iwo anangokweza dzanja.

“Papita milungu iwiri. Anaisungunula kale. Koma ukudziwa kumene ndinkapita tsiku limene inagwalo?”

“Ayi.”

“Mu Januwale Marlon anandipempha mphete imeneyo kuti akufunsire nayo ukwati. Ndinakana. Ndinati mtsikana amene sindikumudziwa sangasunge chinthu cha bambo ake. Mwezi wathunthu ndinavutika mumtima. Kenako ndinadziona kuti ndine nkhalamba youma mtima, yoweruza munthu isanamuone n'komwe, ndipo ndinakaulula tchimo limeneli kwa wansembe. M'mawa mwake ndinanyamuka kupita kwa wosula kuti akaichepetse.” Anayang'ana manja anga. “Pachithunzi chimene anandionetsa, ndinaona kuti zala zako n'zazing'ono.”

Ndinayang'ana zala zangazo. Mayi ameneyu analapa chifukwa chondiganizira zoipa mumtima mwake mokha, mopanda womva. Ine ndinamuganizira zoipa pamaso pa mzinda wonse, n'kugona tulo tabwino. Ndinadzida, ndipo sindinadzidepo chomwecho chibadwire.

*

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka mwamphamvu. Analowa Marlon, foni ya Maricel ili m'manja, nkhope yake itasintha moti sindinaizindikire. Maricel anaima pakhomo, manja ali m'thumba la epuloni. Zolemba zija ine ndinazichotsa, koma iye anali atazijambula kalekale. Duwalo analizindikira tsiku loyamba lomwelo, n'kukhala chete milungu iwiri kudikira Lamlungu lino.

“Nanay, ndinu uyu? Mphete ya bambo inatayika, inu osandiuza? Anthu n'kumakusekani chonchi, inu osandiuza?”

“Marlon, tsitsa mawu, kuli alendo.”

“Alendo amve!” Anatembenukira kwa ine, n'kundigwira dzanja. “Kendra, taona zimene walemba munthu wa m'gulu lanu lija. Akuti mayi anga ndi mbava. Muli atatu, eti? Iwe ndikukudziwa, ndiwe wolusa koma sungachite zankhanza chonchi. Ndiuze, mwa awiri enawo ndani? Ndingofuna dzina basi.”

“Zisiye, mwanangu,” anatero mayi ake. “Zapita.”

Anatsegulanso mpope n'kutifulatira. Kachiwiri konse anali kundisiyira mpata, ine yemweyo. Maricel anandiyang'ana nsidze zili m'mwamba. Sankadziwa kuti wolemba ndani, koma ankadziwa kuti kaya ndiname kaya ndinene zoona, iye apindula. Dzanja la Marlon linali lofunda, ndipo ndinadziwa kuti mwina ndikuligwira komaliza.

“Ndine,” ndinatero.

Anaseka pang'ono. “Usachite nthabwala, si nthawi yake.”

“Ndine, Marlon. Ndinalemba ndine, ndinawapitikitsa m'gulu ndine. Ndipo mpheteyo ndinaipereka kwa wakuba ndi manja angawa.”

Anayang'ana mayi ake kuti atsutse. Iwo anapitiriza kutsuka mbale imene inali yoyera kale. Dzanja lake linandisiya pang'onopang'ono.

“Lachisanu lija,” anatero, “mutu sunkakupweteka.”

“Ayi.”

Anapisa m'thumba la buluku, n'kutulutsa kabokosi kakang'ono kakuda. Anakatsegula. Munalibe kanthu.

“Ndinagula dzulo. Ndimati poti Nanay akuitana okha, lero andipatsa mphete ija ndiikemo. Azakhali onsewa abwerera zimenezo.”

Anakaika pakati pa mbale zonyowa, n'kutuluka osayang'ana m'mbuyo. Kuchipinda chochezera kunali zii. Ndinamva chitseko cha kunja chikumenyeka. Kunja kunali kukuzizirabe, ndipo iye anatuluka ndi malaya okha.

Ndinati ndimutsatire, koma ndinachedwa. Maricel sanachedwe. Anavula epuloni, anatsomphola jekete la Marlon pa msomali, n'kuthamanga. Pawindo la kukhitchini ndinamuona akumupeza pachipata, akumuveka jeketelo pamapewa, n'kusiya dzanja lake pomwepo. Marlon sanalichotse.